Mwana wanga akukwera mapiri a ku Chile, ndimuletse?

Funso: Moni akonzi. Ine ndine mayi wa ku Nchalo, mwana wanga wamkazi ali pa sukulu ku Chile ndiye dzana wandiuza pa WhatsApp kuti pa holide ya Julaye akupita ndi anzake ku katawuni kena kotchedwa Putre, akuti kali pamwamba pa mapiri kwa anthu a mtundu wa Aymara. Mtima wanga uli m'mwamba chifukwa mwanayu wakulira muno m'chigwa momwe timayala mphasa panja usiku chifukwa cha kutentha, kuzizira sakukudziwa. Ndimuletse?

Yankho: Mayi, musamuletse, koma mumuuze mwamphamvu kuti akwere pang'onopang'ono. Kuzizira n'kwenikweni, mu Julaye madzi amaundana usiku, koma zimenezo jekete yokhuthala, chipewa ndi masokosi zimathetsa. Chimene ine ndikuda nacho nkhawa ndi mpweya.

Putre ili pa mamita pafupifupi 3,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje yomwe ndi mamita 3,002, pomwe inu ku Nchalo simufika ngakhale pa 100. Mukakwera minibasi kudutsa pa Thabwa mpaka ku Blantyre mumakwera mamita ngati 1,000 basi makutu n'kutseka, ndiye ganizani kuti galimoto yochokera ku Arica, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, imakwera 3,500 yonseyo pa mtunda wa makilomita osakwana 150, maola atatu okha. Kumtundako munthu akapuma kamodzi amakoka okosijeni wochepa, ngati magawo awiri mwa atatu a amene amakoka kunoko, ndiye mutu umawawa, nseru, tulo osabwera, kuyenda pang'ono wayamba kale wefuwefu. Kumeneko vutoli amalitcha puna kapena soroche ndipo silisankha, ngakhale mnyamata wa mpira limamugwetsa.

Alendo ambiri amalakwitsa pofuna kuthamangira tsiku lomwelo ku Lauca National Park kukaona nyanja ya Chungará, yomwe ili pa mamita opitirira 4,500 m'munsi mwa phiri la Parinacota la chipale chofewa pamutu. Ayi. Agone kaye ku Putre masiku awiri, azimwa madzi ambiri, adye zopepuka, mowa ayi. Eni ake adzamupatsa tiyi wa masamba a coca (chomera chimene ena amapangira mankhwala ozunguza bongo a cocaine), ndi mwambo wawo wolandirira mlendo wotopa ndi mtunda, koma asanyamule masambawo kubwera nawo kuno. Akaona kuti akubanika atangokhala, akutsokomola kwambiri kapena mutu wasokonezeka, atsike nthawi yomweyo osadikira kuche. Ndipo ngati kubanja kwanu kuli matenda a magazi otchedwa sickle cell kapena iye ali ndi vuto la mtima, aonane ndi dokotala asanagule tikiti, apa ndiye musanyengerere.

Za a Aymara musaope mayi, ndi alimi ndi oweta ngati ife. Amapezeka ku Bolivia, Peru ndi kumpoto kwa Chile, ali ndi chilankhulo chawo, ndipo analipo kale azungu a ku Spain asanafike n'kuyamba kudutsitsa siliva wa ku Potosí, mzinda wa ku Bolivia, m'mapiri amenewa kupita ku doko la Arica. Amaweta llama ndi alpaca, ziweto zaubweya za mtundu wa ngamila, minda yawo ndi ya masitepe m'mbali mwa phiri momwe amathirira ndi ngalande n'kulima mbatatesi ndi oregano, masamba okometsera chakudya. Chimandisangalatsa ine ndi chuño, amayala mbatatesi panja kuti iundane usiku, masana n'kuiponda ndi mapazi kufinya madzi, dzuwa n'kuiumitsa, ikatero imasungika zaka osawola.

Mumuuzenso kuti juzi ya ubweya wa alpaca akagule kwa amayi oluka enieniwo kuti ndalama itsale m'mudzimo, ndipo asajambule munthu asanapemphe. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi magalasi akuda asaiwale, dzuwa la kumtunda limawotcha ngakhale munthu akunjenjemera.