Musagule kaye kamera, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kugula kamera chifukwa zithunzi zomwe munajambula ndi foni pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa zinatuluka zoyereratu, nkhope zili bii, mtsinje osaoneka kukula kwake. Ndalamazo zisungeni kaye. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe cha ku Nchalo ndi ku Ngabu kuno, ndipo ndikuona kuti chakuonongerani ndi dzuwa lathu lomweli.

Ndikhulupirira munajambula masana. Kuchigwa kuno dzuwa likafika paliwombo, makamaka kumayambiriro kwa Novembala ndi Febuluwale pamene limadutsa pamwamba penipeni, mthunzi umagwera m'maso ndi kunsi kwa mphuno, china chilichonse n'kuoneka chophwatalala. Foni nayo imayeza kuwala kwa kumwamba, ndiye munthu wakhungu lathuli amangodera. Gundani pankhope pake pa sikirini musanajambule, kapena muimikeni pansi pa mtengo wa nimu atayang'ana kowala.

Koma chimene ndimafuna mutaona ndi maso anu ndi kuwala kwa m'mamawa, dzuwa likungosuzumira pa mapiri a ku Thyolo. Limabwera chammbali. Mlambe womwe masana umaoneka ngati khoma umawala mbali imodzi, inayo n'kuda, ndipo pachithunzi umaonekadi kuti ndi chimtengo chonenepa choti anthu angapo agwirane manja kuchizungulira. Kukhakhala kwa zinthu kumatulukanso nthawi yomweyo: dothi long'aluka la m'dimba, maso a ukonde, makwinya a pankhope pa agogo. Ine mtima wanga umakhala pamenepo, chithunzi choti munthu afune kuchikhudza ndi chala.

Vuto lachiwiri ndi lakuti kwathu kuno n'kwa see, diso limasowa pogwira. Lipatseni mzere woti liutsate. Zitsulo za m'mbali mwa mlatho, ngalande za m'minda ya nzimbe, njanji yakale ya ku Bangula, msewu wokhotakhota uja wotsika ku Thabwa, zonsezi zimalikoka diso kulowa nalo mkati mwa chithunzi. Yatsani timizere ta grid mu kamera ya foni kuti madzi asapendekeke, ndipo pomwe thambo lakumana ndi dziko pasakhale pakatikati. Sankhani, lero mukujambula mitambo kapena mtsinje?

Shire kuti aoneke kukula, pafunika kanthu kakang'ono koyerekezera. Dikirani bwato lilowe, ndipo musiye malo kutsogolo kwake komwe likulowera. Msodzi ali pakona, madzi atadzaza kotsalako, aliyense adziwa kuti mtsinjewu si wamasewera.

Za mitundu sindichulutsa. Mu Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimafwifwitsa zonse, ndiye mayi mmodzi wovala chitenje chofiira amakwanira kudzutsa chithunzi chonse. Mvula yoyamba ikagwa, mpweya umayera ndipo mapiri amaoneka ngati asendera pafupi.

Bwererani pa mlathopo cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi foni yomweyo, galasi lake mutalipukuta chifukwa thukuta la m'thumba limachititsa khungu. Asodzi ndi amayi ochapa muyambe mwawapempha, ndipo musatsetserekere kumadzi pofuna malo abwino, ng'ona zilimo. Mukajambula tiponyereni muno tidzaonere limodzi.