Ndatha zaka ziwiri ndikuphunzira ndili kunyumba: ndikasintha yunivesite, makadeira anga adzawawerengera?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulaimale ku Tsangano, muno mu Mozambique. Akuti: "Ndatha zaka ziwiri ndikuchita licenciatura (digiri yoyamba) ya à distância, yophunzira uli kwanu, ndipo kusukulu kwathu amatiuza kuti ndi yovomerezeka ndi boma. Bambo a kunyumba awasamutsira ku Tete, choncho ndikufuna ndikamalizire kumeneko, ndizikalowa m'kalasi madzulo. Kodi makadeira (maphunziro a m'kosi) omwe ndinakhoza adzawalandira? Nanga m'tsogolomu ndikafuna mestrado (digiri yachiwiri) ku Malawi, pepala langa lidzagwira ntchito?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Digiri yophunzira uli kwanu si yachabechabe ayi. Aphunzitsi ambiri a ku Angónia, Macanga ndi Tsangano konko anafika pa N1, gulu la aphunzitsi okhala ndi licenciatura, kudzera njira yomweyi, akuwerenga mamódulo usiku atamaliza kuchonga makope a ana. Koma pa zosamukazi ndikuuzani zoona: ine ndikanakhala inu, ndikanamalizira pomwe ndinayambira.

Tiyambe ndi mawu akuti "yovomerezeka", chifukwa m'menemo muli zinthu zingapo zosiyana. Sukulu ikhoza kukhala ndi chilolezo chotsegulira zitseko zake, koma chimenecho sichinena kanthu za kosi yanu. Maphunziro a à distance m'dziko muno amawayang'anira ndi a INED, pomwe a CNAQ ndi amene amaunika makosi a m'mayunivesite ndi kuwapatsa acreditação (chivomerezo cha boma), kosi iliyonse payokha, ndipo acreditação imeneyo imakhala ndi nthawi yake yothera. Ndiye musakhutire ndi zolembedwa pachikwangwani kapena pa Facebook. Funsani kuofesi kuti akuonetseni pepala la kosi yanuyo, muone ngati likunena za à distância komanso ngati masiku ake sanathe. Sukulu yolongosoka sichita manyazi ndi funso limeneli.

Tsono tinene kuti zonse zili bwino. Kuyambira 2010 dziko lino lili ndi dongosolo lotchedwa SNATCA, lomwe linakhazikitsidwa kuti wophunzira azitha kusonkhanitsa makrédito ake n'kusamuka nawo. Krédito imodzi imaimira maola 25 mpaka 30 a ntchito yanu yonse, kuwerenga kwa panokha komwe, osati maola okhala pamaso pa mphunzitsi okha. Pa licenciatura ya zaka zinayi, kawirikawiri chaka chimodzi ndi makrédito 60, onse pamodzi 240. Inu ngati munakhoza zonse, muli ndi 120 kapena kuyandikira pamenepo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Dongosololi limakupatsani mpata wopempha, koma wogamula ndi yunivesite imene ikukulandiraniyo. Iwo sawerenga zaka. Amatenga kadeira imodziimodzi n'kuiika pambali pa yawo: mitu yomwe munaphunzira ikufanana ndi yawo? Makrédito akukwana? Mwina Didáctica Geral munaikhoza ndi 15 pa 20, koma ngati kwanu inali yaifupi ndipo kwawo ili ndi mitu ina yomwe inu simunaione, akuuzani kuti mubwereze. Palinso makadeira ena omwe mwakhoza koma pa pulani yawo kulibeko; amenewo amangotsala panjira. Mapeto ake munthu wa chaka chachitatu amapezeka akukhala ndi a chaka chachiwiri, kwinaku ali ndi ngongole ya kadeira ya chaka choyamba. Si nkhanza, ndipo si chifukwa choti munaphunzira muli kutali. Ngakhale wochokera m'kalasi ya yunivesite ina amamuyeza chimodzimodzi.

Ndinaperekezapo mphwanga kuofesi ina ya registo académico, yosunga mapepala a ophunzira, atanyamula declaração ya manota yokha, tsamba limodzi m'pulasitiki. Mayi wa pawindo analiyang'ana, n'kulibweza mwaulemu: "Mapulogalamu a makadeira ali kuti?" Ankafuna pepala la kadeira iliyonse losonyeza mitu yake, maola ndi makrédito, tsamba lililonse lili ndi chidindo cha sukulu yakale. Kusukulu yakaleko nako anati satulutsa kanthu mpaka ngongole ya propina ithe. Pomwe mapepala ankakwana, nthawi yolandira mapempho inali itatha.

N'chifukwa chake ndikuti lingalirani zomalizira pomwe mulipo. Ubwino wa à distância ndi womwewo, kuti sukulu imakutsatirani komwe mwapita. Mumzinda wa Tete netiweki ndi yabwinoko kusiyana ndi kumapiri kwanuko, ndipo masukulu akuluakulu ophunzitsa motere, monga UCM ndi UnISCED omwe malikulu awo ali ku Beira, ali ndi malo awo mumzindamo. Funsani kusukulu kwanu ngati angakusinthireni malo olembera mayeso. Digiri yomaliza imayenda mosavuta kuposa theka la digiri, chifukwa pa mestrado kapena posintha carreira (udindo pantchito) amayang'ana satifiketi yonse, sakhalanso pansi kufananiza kadeira ndi kadeira.

Ngati mtima wanu uli pa kalasi ndithu, mwina chifukwa kuwerenga nokha kwakutopetsani (ndipo chimenecho ndi chifukwa chomveka, musachite nacho manyazi), pitani ku UniPúnguè kapena kulikonse komwe mukufuna mukafunse masiku olandira mapempho a transferência ndi ngati pa kosiyo pali malo. Lembani requerimento yopempha equivalência, kutanthauza kuti makadeira anu awawerengere ngati awo, muphatikize mapepala onse aja, musunge mafotokope. Koma matrícula yanu yakale musaithetse mpaka yankho lawo litabwera lolembedwa, lotchula makadeira omwe avomera ndi chaka chomwe mukalowere. Mawu a pakamwa a munthu wa muofesi, ngakhale akhale wachibale, musawadalire pa nkhani iyi.

Za ku Malawi ndi zina. Acreditação ya CNAQ ndi ya dziko lino. Ukawoloka pa Zóbuè kapena pa Calómuè, pepala lako amaliunikanso. Kumeneko kuli bungwe lomwe limaunika mapepala a maphunziro apamwamba ochokera kunja, monga momwe a SAQA amachitira ku South Africa, kenako yunivesiteyo imaikanso zofuna zake. Satifiketi yanu ndi ya Chipwitikizi, ndiye idzafunika kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka, ndipo maphunziro enieniwo adzakhala m'Chingerezi, Chichewa chathuchi chidzangokuthandizani kumsika ndi m'minibasi. Mukadzabwera nayo mestradoyo, kuno nako idzafunika equivalência boma lisanaiwerengere pantchito. Choncho musanalipire kwacha iliyonse, dzaonetsetseni kuti kosi ya ku Malawiyo ili pa mndandanda wa makosi omwe a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Malawi, anavomereza.