Mafunso pa chiyankhulo: kupatsa, kupereka ndi galimoto ya ku Japan

Mayi wina wa ku Kapata, mumzinda wa Chipata, walemba kuti: "Malemu amuna anga anasiya Nissan Skyline GT-R ya 1999 imene anaitanitsa kuchokera ku Japan. Ine ndi ana tagwirizana kuti ipite ku bungwe losamalira ana amasiye. M'kalata ndalemba kuti, 'Galimoto iyi yapatsidwa ku bungwe lanu kuti izithandiza ana.' Mwana wanga akuti chiganizochi sichikumveka bwino. Chalakwika n'chiyani?"

Pepani ndi imfa ya bambo, Mayi, ndipo zikomo chifukwa cha mtima umene mwaonetsa. Mwana wanuyo ali ndi khutu labwino. Chiganizo chanu chili ndi malo awiri ofunika kukonza, ndipo achiwiriwo ndi amene ndikufuna muwaganizire kwambiri.

Tiyambe ndi mneni. Kupatsa kumayang'ana munthu wolandira. Timati, "Ndapatsa agogo chimanga," ndipo tikatembenuza chiganizo, agogowo ndiwo amatsogola: "Agogo apatsidwa chimanga." Choncho munthu akamva kuti "galimoto yapatsidwa," amadikira kuti mumalize: yapatsidwa chiyani, matayala atsopano kapena nambala? Kupereka kumayang'ana chinthu chimene chikuchoka m'manja: "Ndapereka chimanga kwa agogo," "Chimanga chaperekedwa kwa agogo." Muli ndi njira ziwiri zolondola. Mutha kunena kuti "Bungwe lanu lapatsidwa galimoto," kapena "Galimoto yaperekedwa ku bungwe lanu." Onaninso kamawu kotsatira mneniyo. Kwa amayenda ndi anthu, monga kwa ana, kwa amfumu, kwa abusa. Ku amayenda ndi malo ndi mabungwe, monga ku chipatala, ku mpingo, ku bungwe.

Pa ziwirizi ine ndingasankhe kupereka. Ndi mawu aulemu, a zinthu zochitika pamaso pa mboni. Mafumu a Achewa akasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, amapereka mtulo kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe amene anganene kuti "amupatsa." Kupatsa ndi kwa tsiku ndi tsiku, kwa dzanja ndi dzanja, ndipo makolo anati kupatsa n'kuika, kutanthauza kuti chimene wapatsa mnzako chidzakubwerera tsiku lina. Mwambiwo ndi woona pakati pa anansi, koma m'kalata yopita ku bungwe la ana amasiye simufuna kusiya ganizo lakuti pali chobweza.

Tsopano mawu akuti "kuti izithandiza ana." Kamawu ka zi kali mu izithandiza kameneko kamasonyeza chinthu chochitika mobwerezabwereza, lero, mawa ndi mkuja. Wowerenga amva kuti galimotoyo ikhale pabwalo la bungwe, izinyamula ana kupita kusukulu ndi kuchipatala. Komiti ya anthu aulemu ikawerenga zimenezi idzaopa kuigulitsa, poganiza kuti ikuphwanya mawu a namfedwa. Ndiye taganizirani galimoto imene mukuwasiyira. Ili ndi zitseko ziwiri zokha. Ndi yotsika kwambiri, moti pamsewu wafumbi wopita kumidzi nthawi ya dzinja idzakhula pansi isanafike patali. Injini yake, imene amaitcha RB26DETT, ndi ya malita 2.6, ya masilinda 6 ndi ma turbo awiri owonjezera mphamvu, ndipo imafuna makaniko woidziwa. Chitsulo china chikawonongeka, nthawi zambiri chimachokera ku Japan komweko, n'kudikira kuti chifike kuno kum'mawa. Bungwe limene likuvutika kugula ufa ndi mayunifomu silingasenze katundu wotere.

Thandizo la galimoto imeneyi lili pa mtengo wake. Ngati ndi mtundu wa Skyline GT-R wotchedwa R34, Nissan anaupanga kuyambira 1999 mpaka 2002 basi, ndipo onse pamodzi sanakwane 12,000. Dziko la America lili ndi lamulo lakuti galimoto yakunja imene sinapangidwe motsata malamulo awo ilowe ikakwanitsa zaka 25. Choncho kuyambira 2024 za mu 1999 zinayamba kuloledwa, ndipo ogula a kumeneko akuzifunafuna. Kalata yanu iyenera kumasula manja a bungwe kuti ligulitse. Ndikadakhala ine ndikadalemba chonchi:

"Ife a banja la malemu tikupereka galimoto iyi kwathunthu ku bungwe lanu. Muli ndi ufulu woigulitsa, ndipo ndalama zake zithandize ana pa sukulu, chakudya ndi mankhwala."

Mawu akuti kwathunthu musawasiye. Pakati pathu kupereka, kubwereketsa ndi kusungitsa zimayandikana kwambiri pakamwa, makamaka chinthu chikadziwika kuti n'chamtengo wapatali. Pakapita chaka wachibale wina atha kudzuka n'kunena kuti, "Tinangowasungitsa." Kalata yolembedwa bwino imateteza ana amasiye aja, imatetezanso inuyo.

Mwaona kuti ndalemba "tikupereka" m'malo mwa "tapereka." Tapereka amanena kuti zonse zatha. Koma galimoto imakhala ya munthu amene dzina lake lili pa chikalata chimene ambiri amachitcha white book, mpaka umwini utasinthidwa ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto. Popeza mwiniwake anamwalira, wosaina ndi amene anasankhidwa mwalamulo kuyang'anira chuma cha masiye, ndipo onse oyenera kulandira gawo ayenera kuvomereza. Zimenezi zikatheka, m'pamene mungalembe kalata yachiwiri yaifupi yakuti "tapereka."

Mwana wa mayi yemweyu wawonjezera funso lake. Akufuna kuthandiza bungwe kulemba chidziwitso cha malonda, ndipo wayamba ndi mawu akuti "galimoto yosowa yamasewera." Akufunsa ngati zili bwino.

Ayi, achimwene, mawu onse awiri akusocheretsani. N'zoona kuti timati "mankhwala osowa" ponena za mankhwala ovuta kupeza. Koma kusowa ndi kutayikanso. Mbuzi yosowa ndi imene tikuifunafuna kuthengo, ndipo chidziwitso chokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi mawu akuti "yosowa" anthu achiwerenga ngati uthenga wakuti yabedwa. Chichewa chili ndi njira yake yabwino: timabwereza tsinde la mneni. Munthu wosaonekaoneka ndi amene amaoneka mwa apo ndi apo. Galimoto yosapezekapezeka ndi imene ilipo, koma si aliyense angaipeze. Mawu amenewa alibe mbali ina yosokoneza.

Yamasewera ndiye ayi ndithu. Wowerenga aona m'maganizo galimoto yamawaya imene ana amakankha pabwalo. Nenani kuti yaliwiro. Yampikisano muisungire galimoto imene inakonzedwa kuti izithamanga pabwalo la mpikisano pokha, chifukwa wogula akamva mawu amenewo aganiza kuti injini inatopa kale. Pa za msinkhu wake, yakale ndi mawu abwino, ndipo ogula amtunduwu amawakonda. Yokalamba timanena za chamoyo, ndipo yakutha ndi yoyenera kuphwasula. Anthu amene amagula magalimoto otere n'kumawasunga tilibe dzina limodzi lowatchulira, ndipo palibe chifukwa chopeka. Nenani zimene amachita: osunga magalimoto akale amtengo wapatali. Ngati bungwe lasankha kugulitsa mopikisana mitengo, mawu akuti okushoni alimi a fodya amawadziwa kalekale. Mzere woyamba ungakhale wakuti, "Tikugulitsa pa okushoni galimoto yaliwiro yosapezekapezeka ya ku Japan, ndalama zonse zipita kwa ana amasiye." Pansi pake lembani chaka, mtundu wa injini ndi makilomita amene yayenda, monga zilili, osawonjezera.

Mphunzitsi wa ku Katete wafunsa zinthu ziwiri zazifupi: kodi ndi galimoto yanga kapena galimoto langa, nanga tilembe chopereka kapena copereka?

Aphunzitsi, yanga ndi langa zonse zimamveka pakati pa eni chiyankhulo, ndipo zambiri zake ndi magalimoto. Chofunika n'chakuti mukayamba ndi "galimoto iyi" musasinthe pakati n'kunena kuti "laperekedwa." Kuno kwathu ambiri amati motoka, ndipo pocheza palibe cholakwika, koma m'kalata ya bungwe galimoto imakhala bwino. Za c ndi ch, kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro ku Zambia unavomereza mu 1977 kamagwiritsa ntchito c, n'chifukwa chake mabuku a m'sukulu zathu amalemba Cinyanja. Tsidya lina la malire a Mwami, ku Malawi, amalemba ch. Sankhani kumodzi malinga ndi amene awerenge, ndipo musasakanize m'kalata imodzi.

Mwatchula chopereka, ndiye ndiwonjezerepo, chifukwa bungwe lija lidzafunika kulemba kalata yothokoza. Mphatso imachokera ku kupatsa, ndipo imamveka ngati chinthu chopita kwa munthu mmodzi, monga pa ukwati. Mlembi akalemba kuti "talandira mphatso," wina atha kufunsa kuti mphatsoyo ndi ya wapampando kapena ya ndani. Chopereka ambiri amachimva ngati cha m'tchalitchi, koma chimakwanira bwino ngati bungwelo ndi la mpingo. Chaulere musachiyandikire n'komwe, chifukwa chimapeputsa chinthu chimene banja lachotsa pa chuma cha malemu. Ngati bungwelo si la mpingo, thandizo ndiwo mawu oyenera, ndipo atchule eni ake a thandizolo: "M'malo mwa ana amene tikuwasamalira, talandira thandizo la galimoto kuchokera ku banja la malemu." Akagulitsa, alembenso kalata ina yonena mtengo umene yagulidwa ndi zimene ndalamazo zagwira, ndipo Mayi a ku Kapata alandire kope lawo.