Kagalimoto kapamwamba kamagulitsidwa ndi m'kati mwake

Achimwene, mwafunsa kuti bizinesi yobweretsa magalimoto kudzera pa boda ya Dedza imayenda bwanji, ndiponso ngati mungayambire pa timagalimoto tating'ono tapamwamba monga Audi A1, BMW 1 Series kapena Mercedes A-Class. Ndiyambe ndi njira, ngakhale mutu weniweni suli pa njira.

Ambiri mwa magalimoto athu ndi a kaunjika wa ku Japan. Ukalipira, imabwera pa sitima n'kutsikira ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban. Ya ku Dar imalowera ku Songwe. Ife a kuno timakonda za kumwera. Kuchokera ku Beira umadzera ku Inchope, Chimoio, Changara, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako kukwera mapiri a Angonia mpaka pa Calomue, boda ya Mozambique yoyang'anizana ndi ya Dedza. Mozambique siili mu COMESA, ndiye musadalire yellow card (inshuwalansi ya galimoto ya maiko a COMESA), inshuwalansi yawo amagula payokha. Pa Dedza mapepala amagwira ndi ajenti, ndipo a MRA amawerengera msonkho poona kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yokalamba imatchipa ku Japan koma imaluma pa boda. Dola nayo mukuidziwa: chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa m'mawa suyembekeza madzulo.

Tsopano timagalimoto mukutifunati. Wogula Sienta kapena Probox amafunsa za mafuta ndi kuchuluka kwa matumba a mbatata amene angalowe. Wogula A-Class safunsa zimenezo. Amatsegula chitseko, kukhala pansi, kusisita chiwongolero, kenako kununkhiza. Mphindi ziwiri zimenezo ndiye msika wonse. Injini ikavuta, amakaniko a ku Biwi aiona, koma mpando wachikopa wosweka kapena denga lolendewera simudzalibwezera mmene linatulukira ku fakitale.

Choncho phunzirani kuwerenga pepala la okushoni ya ku Japan, lomwe limanena mmene galimoto ilili. Nambala, monga 4 kapena 4.5, ndi ya galimoto yonse, pamene chilembo, A, B kapena C, kawirikawiri chimanena za m'kati, A ndiye mwabwino koposa. Ine ndinapsa nayo C. Inali Audi A3 yofiira, pa zithunzi ngati yatsopano, koma mwini wake anali wa fodya. Chithunzi sichinunkha. Ndinachapitsa mipando katatu, ndinaisiya yotsegula pa dzuwa sabata yathunthu, koma kukangotentha fungo linkadzuka. Inakhala miyezi isanu pakhomo, ndinaigulitsa mongotaya.

Zamagetsi nazo zili ndi msampha. Wailesi ya ku Japan imagwira kuyambira pa 76 kufika pa 90 MHz, zina pa 95, ndiye masiteshoni athu ambiri samveka mpaka muikemo kachipangizo kowonjezera. Mapu ake ndi a Tokyo ndi Osaka, Lizulu mulibe. Pa za ku Germany chilankhulo cha pa sikirini nthawi zambiri chimasinthika, koma pa zina mumangoloweza mabatani ngati nyimbo ya Sande sukulu. Pamene mukulandira galimoto ku doko yesani chilichonse musanasaine: kamera ya kumbuyo, Bluetooth, mawindo onse anayi, zoziziritsira, ndipo muwerenge makiyi. Kiyi wachiwiri wa Benz si wosulitsa pa msika. A-Class ya kuyambira 2018, ija ya masikirini awiri olumikizana yomwe imamva ukailankhula, ndi yokongola zedi, koma sikirini ikafa n'liwiro lomwe simuliona.

Chokoma ndisabise: mipando yotenthetsa. Ku Lilongwe amaiseka, koma dzukani mu Juni pa Bembeke, nkhungu ili gwa, mumvetsa kuti anaiikiranji. Chete wa m'kati nayenso ndi weniweni, mutha kucheza motsitsa mawu mpaka ku Linthipe.

Kufewa kwake n'kwa pa tala basi. Timagalimototi n'tapansi, matayala ake ndi opyapyala, ndipo BMW zambiri zimabwera ndi aja oyenda ataphwa, opanda sipeya. Oterowo ndi olimba, dzenje lililonse limafika mu msana. Wogula akati kwawo n'ku Mayani kapena ku Tsangano ndipo amapita mwezi ndi mwezi, ndimamuuza poyera kuti aone ina. Mpando wa kumbuyo wa A1 ndi wa ana. Apongozi aatali musawakhazikeko. Magiya a A1 ndi A3 za injini yaing'ono, aja a S tronic a masitepe 7, sakondwa ndi kukwawa pa mzere kapena kukwera Khwekhwelere atanyamula katundu, ndiye muziwayesa akatentha, osati pongoliza.

Mukandifunsa koyambira, ine ndingati Lexus CT200h. Pansi pake ndi Toyota Prius, injini ya 1.8 yothandizana ndi batire, ndiye zipangizo sizisowa kwambiri, pamene m'kati ndi mwa bwana. Ingopimitsani batire lalikulu pa kompyuta musanauze wogula mtengo. Yambani ndi imodzi, makamaka yoti munthu waitanitsa kale n'kuperekako theka, ndipo ndalama ya msonkho muisunge padera sitima isanafike, chifukwa galimoto ikagona pa doko kapena pa boda tsiku lililonse ndi lolipira.