Za mwana wathu ndi mnyamata wake wa Chiyuda

Moni achimwene, moni nonse pagulupa. Pepani ndachedwa kuyankha, Lachisanu kuno ntchito imakhala yothina, zophika zonse zimayenera kupsa dzuwa lisanalowe, Sabata la Ayuda lisanayambe. Funso lanu ndalimva. Mukuti mwana wathuyu wapeza mnyamata wa Chiyuda kuno ku Johannesburg, koma mayi a mnyamatayo sakumulandira ndi manja awiri, ndiye kodi vuto ndi khungu?

Eee, tsankho liliko, sindingakane. Koma ine ndakalambira m'makhitchini a Ayuda ku Glenhazel kuno, ndipo chimene ndaona chikuwasowetsa tulo azimayi amenewa ndi zidzukulu.

Tamverani. Kwa Ayuda a Orthodox, osunga malamulo a chipembedzo chawo mosaphonya, omwe ndiwo ambiri kuno, mwana amakhala Myuda ngati mayi ake ali Myuda. Bambo kaya akhale rabi, mtsogoleri wa chipembedzo chawo, sizithandiza. Ife Achewa tidabwe chiyani pamenepa? Si paja mwana ndi wakuchikazi, mwinimbumba ndi amalume? Ndiye mayi aja akamamuyang'ana mwana wathu, mumtima akuwerengera kuti mdzukulu sadzakhala wa mtundu wawo. Nyumba ina imene ndinkagwira, mnyamata anabweretsa mtsikana mzungu, wopemphera tchalitchi. Pathebulo anaseka naye bwinobwino, koma alendo atapita mayiwo ndinawapeza akulira pasinki. Mzungu mnzawotu ameneyo.

Ndipo kulirako kuli ndi pochokera. Ambiri mwa Ayuda a kuno makolo awo anachokera ku Lithuania, ndipo abale awo amene anatsala kumeneko anaphedwa pafupifupi onse kuyambira 1941. Ku Europe konse anafa okwana 6 miliyoni. Pano pamene ndikugwira ntchito pali zoikapo makandulo a Sabata ziwiri zasiliva, agogo awo anachita kubwera nazo pa sitima yapamadzi. Ndimazipukuta Lachinayi lililonse. Mayi a pano amangoti, ndidzasiyira ndani woti aziyatsa?

Njira ilipo, yolowa Chiyuda, koma si ya masewera. Wolowayo amapita ku bwalo la marabi, amati Beth Din, ndipo maphunziro ake amatenga zaka. Sabata asunge, nyama ndi mkaka zisakumane, mbale zake zosiyana, masipuni omwe. Ine chaka choyamba ndinavundulira nyama ndi sipuni ya mkaka, tsiku limenelo ndinaona ngati ntchito yatha! Chachikulu n'chakuti Chikhristu amachisiya, za Yesu osatchulanso. Pamenepo ndiye ndikufunseni inuyo achimwene, mkulu wa mpingo: mdzukulu wanu akadzadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu koma osabatizidwa, mudzagona tulo? Alamu anga a Mvano adzati chiyani? Mwaonatu, inu ndi mayi aja nkhawa yanu ndi imodzi.

Komanso si onse ouma chimodzimodzi. Kuli ena amati a Progressive, amafewako. Ku America anzawo otchedwa a Reform kuyambira 1983 amavomera mwana wa bambo Myuda, bola aleredwe m'Chiyuda. Choncho mwanayu amufunse mnyamatayo mosapita m'mbali kuti kwawo amapemphera shul iti, shul ndiye sunagoge, ndiponso ana adzakhala a mbali iti. Ayankhe yekha ndi pakamwa pake, asabisale kumbuyo kwa mayi ake.

Za ankhoswe dikirani kaye, musathamange. Lamulungu ndili pa ofu, ndimuitana mwana wathuyo adzadye nsima kuchipinda kwanga, ndimumve ndekha. Basi ndithamange, buledi wa Sabata ali mu uvuni, angandipserere.