Kuwala pa catalyst ya CO2, kumathandiza pati kwenikweni?

Achimwene mwafunsa kuti ngati magetsi alipo kale bwanji anthu akuvutikanso kuwalitsa nyali pa catalyst (chinthu chofulumizitsa reaction, kutanthauza kusintha kwa makemikolo, koma icho chosatha) pofuna kusandutsa mpweya wa CO2 (carbon dioxide) kukhala mafuta, kodi sikungodzichulutsira ntchito. Ndiyesa kufotokoza mmene ndikuonera ine.

Vuto ndi CO2 yemweyo, ngouma mutu. Molecule yake, kutanthauza kachidutswa kake kochepetsetsa, ndi yowongoka ngati ndodo ndiye kuti ilandire electron (kanthu kakang'ono konyamula magetsi) yoyamba imayenera kupindika kaye, ndipo popanda catalyst pamafunika voteji ya pafupifupi -1.9 V. Catalyst imatsitsako koma mukakankha voteji kwambiri madzi nawonso amayamba kulanda ma electron nkumatulutsa haidirojeni, magetsi anu akungopita padera. Ngakhale mkuwa umene wasayansi Yoshio Hori anaonetsa mu 1986 kuti ukakhala catalyst umapereka mipweya yoyaka ya methane ndi ethylene umatulutsa zinthu zosakanikirana, methane imafuna ma electron 8, ethylene 12, ndiye panjira pali posocherera pambiri.

Apa ndi pomwe kuwala kumalowa. Njira yakale ndi ya semiconductor (chinthu chodutsitsa magetsi pang'ono chabe), imameza kuwala nkupereka voteji ina yowonjezera, wasayansi wina dzina lake Halmann anachita zimenezi mu 1978 ndi semiconductor yotchedwa gallium phosphide. Koma yomwe imandisangalatsa ine ndi ya tizidutswa tating'onoting'ono ta golide, siliva kapena mkuwa. Kuwala kukatiomba ma electron ake amagwedera limodzi, amati plasmon, ndiye ena amatuluka ali ndi mphamvu zambiri nkudumphira pa CO2 amene wamatirira pamwambapo. Akatero voteji yofunika imatsika ndipo nthawi zina ngakhale zomwe zikutuluka zimasintha, haidirojeni kuchepa, zomwe mukufuna kuchuluka. Chovuta nchakuti ma electron amenewa sachedwa kuzizira, pasanathe picosecond (sekondi imodzi mutaigawa ka 1 thiriliyoni) mphamvu ija yayamba kale kusanduka kutentha.

Ndiye ineyo ndikamawerenga pepala lonena kuti current (kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa) yakwera titawalitsa, sindithamangira kuomba mmanja ayi, chifukwa nyali imatenthetsanso electrode (chitsulo cholowetsa magetsi m'madzimo) ndi madzi apafupi, ndipo kutentha pakokha kumafulumizitsa reaction. Ndimayang'ana ngati anayesanso mumdima atatenthetsa kufika pomwepo, komanso ngati anasintha mtundu wa kuwala nkuona kuti zotsatira zikutsatira pomwe chitsulocho chimameza kwambiri. Ngati mukukonza project yanu musadumphe ziwirizi chonde, ndipo muyeze mpweya wotulukawo ndi gas chromatograph (makina osiyanitsa mitundu ya mipweya), osangodalira current, poti mwina zambiri zomwe zakwerazo ndi haidirojeni.