Inshuwalansi ya kamphaka, yankho kwa achemwali a ku Leeds

Sabata yatha ndalandila imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Leeds kuno ku England, ati ana awakakamiza mpaka atenga kamphaka ka masabata 9 ndiye akufunsa kuti inshuwalansi atenge iti. Koma chandikhudza ine ndi mzere womaliza, akuti bambo akunyumba akukana ati ndikutaya ndalama pomwe abale kumudzi akudikila ya fetereza.

Achemwali mau amenewo ndawamvapo kambirimbiri, ena kundiseka pamaso penipeni kuti mwafika poti mphaka ali ndi inshuwalansi pomwe amalume anu ku Ntcheu alibe. Ndipo ine sindiwada anthu oyankhula choncho chifukwa tonse tinakula tikuona mphaka ngati wantchito wogwila makoswe kunkhokwe, amadya zotsala, akadwala amalowa kuthengo osabweranso basi nkhani yatha, ena mpaka kumamuthamangitsa ati ndi wa afiti. Koma kuno si choncho. Ku England kuli lamulo la Animal Welfare Act la 2006 loti chiweto chikadwala mwini wake akuyenera kuchipezela chithandizo, ndipo NHS (zipatala za boma zaulele) ya amphaka kulibe, chilichonse kwa dokotala wa ziweto ndi cholipila kuyambila pongomuona.

Mphaka wathu ndi wamphongo, tinamutenga ali kakang'ono ngati kanuko. Mnzanga wina wa kuntchito, mzimayi wachikulire amene waweta amphaka moyo wake wonse, ndi amene anandilimbikitsa kuti ndimulembetse inshuwalansi sabata yomweyo asanadwale kalikonse, ndinamvela. Atakula ndithu tsiku lina usiku ndikuchokela ku shifiti ndinapeza mwana wanga wamkazi atakhala pansi ku bafa akulira, mphaka akungolowa ndi kutuluka m'thireyi yake yochitila chimbudzi, akukhala ngati akufuna kukodza koma osatuluka kanthu, akulira kalilidwe kena kake koti sindinakamvepo. Ndinaimba foni kuchipatala cha ziweto cha usiku anandiuza kuti bwelani naye pompano musadikile kuche, chifukwa amphaka aamuna njira ya mkodzo ndi yopapatiza, ikatsekeka chikhodzodzo chimadzadza impso nkuyamba kufa ndipo pa masiku ochepa chabe mphaka amapita. Tinakwela takisi pakati pausiku mwana atanyamula kabokosi pamiyendo, njira yonse akungomuyankhula mphakayo. Anamugoneka, kumuika kapaipi, madiripu, ndipo bilu itabwela inaposa lendi yathu ya mwezi. Ine ndinalipila kagawo kanga kokha kamene amati excess, zotsalazo inshuwalansi. Chaka chotsatila vuto lomwelo linabwelanso, a inshuwalansi analipilanso.

Ndiye anthu akamati kutaya ndalama ine ndimaganiza za nkhope ya mwana uja mu takisi. Kukanakhala kuti ndalama palibe ndikanamuuza chani? Kuti mphaka wako amubaye jakisoni wogonetselatu chifukwa amayi alibe ndalama? Ana athu obadwila kapena kukulila kuno mphaka samamuona ngati mmene tinkamuonela ife, kwa iwo ndi wa m'banja, amagona naye, akabwela ku sukulu woyamba kumufuna ndi iyeyo. Ndipo ndinene mosabisa, ngati banja silingakwanitse inshuwalansi komanso lilibe ndalama yosunga pambali, kuli bwino osatenga mphaka nkomwe. Kutenga chamoyo nkuchilowetsa m'nyumba kenako nkumati zikavuta tidzaona, ine zimenezo ndimakana.

Za fetereza zija, bambowo ali ndi mfundo ndithu, tonse mwezi ukatha foni imalira. Koma taganizani bwino, chimene chingadzaimitse kutumiza ndalama kumudzi kwa miyezi ingapo ndi bilu yadzidzidzi ija, osati kandalama kodziwika kotuluka mwezi ndi mwezi komwe mwakaika kale pa bajeti. Ena amati tidzapita ku PDSA, inde bungwe limenelo limathandiza ziweto za anthu ovutika, koma amafuna umboni woti mumalandila ma benefit (ndalama za chithandizo zochokela ku boma), ndipo ambiri a ife amene tili pa viza ya ntchito tinalembeledwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti sitiloledwa kulandila ma benefit amenewo, ndiye khomo limenelo kwa ife ndi lotseka.

China ndisanaiwale, chonde chonde musadzampatse mphaka Panado kapena paracetamol iliyonse ngakhale kachidutswa, thupi la mphaka silitha kuigaya ndipo imapha. Ndikunena chifukwa ife tinazolowela kuti china chilichonse chikatentha thupi ndi Panado. Chimodzimodzi maluwa aja a lily amene timagula mu supamaketi kapena kupatsidwa pa Mother's Day, ngakhale ufa wake wachikasu uja akanyambita umaononga impso. Kwathu maluwa amenewo salowanso.

Tsono mutenge iti?

Mitundu yake ilipo inayi. Accident only ndi ya ngozi zokha, matenda ayi. Time limited imalipila matenda amodzi kwa miyezi 12 kenako matendawo amawachotsa. Maximum benefit imaika ndalama yakutiyakuti pa matenda aliwonse, ikatha yatha. Lifetime ndi imene ndalama yake imayambilanso chaka chilichonse bola musadumphitse kulipila, ndipo imeneyi ndi imene ine ndikukuuzani kuti mutenge ngakhale ili yodulilapo, chifukwa matenda a impso, shuga, chikhodzodzo samatha chaka chimodzi. Wathu uja akanakhala pa time limited ulendo wachiwiri ukanakhala wa m'thumba mwanga.

Lembetsani pano kadakali kabwinobwino. Chilichonse chimene dokotala walemba m'faelo musanalembetse amachitenga ngati matenda akale ndipo salipila, komanso makampani ambiri masiku 14 oyambilila salipila matenda. Pa chifukwa chomwecho musamadumphedumphe makampani mphaka akadwalapo kale, watsopanoyo nthawi zambiri matenda ajawo sawalandila. Onani excess kuti ndi zingati, onani ngati mano alimo, ndipo funsani kuti mphaka akakalamba azidzakuuzani kulipilako peresenti ingati pa bilu iliyonse poti ambiri amatero, mtengo wapamwezi nawonso umakwela ndi zaka. Funsaninso kuchipatala chanu ngati amatenga ndalama molunjika ku kampani kapena muyambe mwalipila nokha nkudzabwezeledwa, usiku wa ngozi zimenezi zimasiyana kwambiri.

Katemela, mankhwala a utitiri ndi njoka za m'mimba, kufula kapena kutseka, zonsezi inshuwalansi silipila ndi zanu. Katemela woyamba ndi nthawi yomwe ino ya masabata 9, wachiwiri pakadutsa masabata atatu kapena anayi, ndipo musadumphe chifukwa akadwala nthenda yoti katemela akanateteza kampani ikhoza kukana. Microchip, kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu kozindikilitsa mwini wake, ndi lamulo ku England kuyambila pa 10 June 2024, kamphaka kaikidwe kasanakwane masabata 20, kupanda kutero chindapusa chimafika £500, ndiye mukapita kukabayitsa katemela wachiwiriyo auzeni aikiletu tsiku lomwelo.